Sefa ya oliyo pa ukwati wa Filomena

Mpaka lero mlongo wanga akamva galimoto ikubangula pachitunda amatembenuka n'kundiyang'ana. Ndimapsa mtima, koma ndilibe pomugwira. Wolakwa ndinali ine.

Masiku amenewo, Ulongwe akadali Vila Coutinho m'kamwa mwa Apwitikizi, ndinali ndi kamiyao, lole yakale ya dizilo yonyamulira mbatatesi kuchokera ku Domwe. Chilimwe chikafika, fumbi lofiira linkatseka sefa ya mpweya, ija yapepala, motolo, kunena injini, n'kumapuma ngati munthu wa mphumu. Sefa yatsopano mpaka ku Tete, ndipo msewu wa ku Tete sunkayendeka popanda asilikali patsogolo.

Tsono a Zakariya, makaniko wa pa Ulongwe, anandionetsa sefa ina yachitsulo, yokhala ndi mbale kunsi kwake.

"Iyi siitayidwa," anatero. "Mutsuke mawaya am'katiwa ndi palafini, aume, kenako muthire oliyo m'mbalemu. Fumbi lizikakamira m'menemo. Koma oliyo alekeze pa mzere uwu, bambo. Osapitirira."

"A Zakariya, ine ndinadutsa ku seminale. Mzere ndimaudziwa."

"Chabwino. Koma motoloyi sinapiteko ku seminaleko."

Ndinatenga sefayo n'kutuluka osatsanzika.

Sabata yomweyo kunali ukwati wa Filomena, mwana wa mlongo wangayo, ndipo ine malume wake ndinali nkhoswe komanso woyendetsa. Tchalitchi chinali kutsidya, cha ku Lifidzi. Chifukwa cha nkhondo, ansembe ankafikako kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo misa ikangotha ankanyamuka kuti dzuwa lisawapendekere panjira. Vuto lina (tinkalidziwa anthu atatu okha) linali lakuti Filomena anali woyembekezera. Tikanaphonya Loweruka limenelo, ansembe pobweranso diresi silikanamukwana, ndipo mudzi wonse ukanayamba kuwerenga miyezi ndi zala.

Lachisanu masana ndinatsuka sefa ija bwinobwino. Pothira oliyo, nzeru zinandibwerera. Ndinati: msewu wamawa ndi wafumbi, katundu ndi anthu odzaza, ndiye ngati oliyo wochepa amagwira fumbi lochepa, wambiri agwira lambiri. Ndinathira mpaka m'milomo mwa mbale. (Ndivomere, ndinadziyamikira.)

M'mawa tinanyamuka. Kutsogolo kunali ine, Filomena atafunda chitenje pamwamba pa diresi, ndi mayi wake kukhomo. Kumbuyo amayi ankaimba ndi kululutira. Ine mtima unali pa dzuwa, chifukwa tinachedwa kale ndi nsapato ya mkwatibwi imene inasowa.

Titaoloka kamtsinje, tinayamba chitunda cha miyala. Kamiyao inapendekeka, inadumpha kawiri, kenako motolo inakweza mawu. Ndinachotsa phazi pa moto. Inakwezabe. Ndinakoka kachingwe kozimitsira mpaka kanatsala pang'ono kuduka. Inabangula kuposa kale! Dizilo ndinali nditatseka, koma iyo inali itapeza chakudya china: inkamwa oliyo wanga uja, wosefukira kuchokera m'sefa.

Utsi woyera unaphimba msewu wonse. Nyimbo kumbuyo inathera pakati.

"Bomba! Taponda bomba!"

Ndinamva anthu akudumpha, phi! phi! phi! Amayi akuluakulu amene masiku onse amadandaula mawondo analumpha mizere ya m'munda ngati atsikana.

"Achimwene, zimitsani!" anakuwa mlongo wanga.

"Ndazimitsa!"

"Nanga chikulirachi ndi mbuzi? Zimitsani!"

"Tatsikani apa, mukundisokoneza mutu!"

Ndinaponya giya yaikulu ndi kuponda mabuleki kuti ife yokha. Kunangotuluka fungo la zopserera, iyo ili kubangulabe. Thukuta linali noninoni. Ndinkadziwa kuti ikapitiriza chonchi zitsulo ziphulika, ndipo Filomena anali akadali pampando, atagwira pamimba, milomo ikuyenda ndi pemphero.

Ndinamukokera panja, ndinatsegula boneti, n'kuima ngati chitsiru. Chinthu chonse chinkanjenjemera. Pamenepo ndinakumbukira kuti moto sukhala popanda mpweya. Ndinavula kazako yanga, jekete yokhayo imene ndinali nayo, ndinaikulunga n'kuikankhira pakamwa pa sefa. Motolo inaiyamwa ngati ikufuna kumeza ndi dzanja langa lomwe. Inatsokomola. Inandilavulira oliyo kumaso. Inatsokomolanso, kenako zii.

Mu zii momwemo tinamva belu la tchalitchi, kutali, kuseri kwa phiri.

Kuilizanso ndinalibe mtima. Ndinayamba kuitana anthu m'minda, koma ankangosuzumira patali osayandikira. Mlongo wanga anakhala pansi n'kuyamba kulira, kundiwerengera machimo anga kuyambira ndili mwana.

Filomena anavula nsapato, anakwinya diresi m'chitenje.

"Malume, ine ndikupita wapansi. Inu tsalani ndi mkazi wanuyu," anatero akuloza kamiyao.

Ndikanamukalipira, koma anali atayamba kale kukwera. Tinamutsatira. Njira yonse ndinkayang'ana dzuwa ndi kumuyang'ana iye, kuopa kuti agwa. Sanagwe. Amene anapuma katatu ndi ine.

Tinafika misa itatha. Mkwati anali atakhala pamwala, abale ake atamuzungulira ndi nkhope za maliro, ndipo ansembe anali atakwera kale galimoto yawo ya jipe. Ndinathamanga n'kugwada kutsogolo kwa matayala, ine amene sindigwadira munthu.

Anatulutsa mutu pawindo. "Kodi ndinu ndani, wootcha makala?"

"Ndine nkhoswe, bambo. Mkwatibwi ndi uyo."

Anayang'ana Filomena, mapazi ofiira ndi fumbi, chitenje chomangidwa m'mwamba pang'ono. Munthu wamkulu uja anaona zimene anaona. Anazimitsa jipe (yake inazima kamodzi kokha, ndinachita nsanje) n'kutsika.

Ukwati unamangidwa mwachidule, wopanda kwaya, chifukwa kwaya inali ikadali m'minda. Posaina m'buku ndinasiyamo chala chakuda pambali pa dzina langa.

Mwana anabadwa chakumapeto kwa dzinja, wamwamuna. Ku ubatizo ndi Paulo, koma agogo ake anamutcha Zimitsani, ndipo dzina limenelo ndi limene linagwira. Akamuitana kudambo madzulo, mudzi wonse umatembenukira kwa ine.

Anthu amati ndinaphunzirapo kumvera. Mwina. Koma ine ndimanenabe kuti amene anapanga mbale ija anailekerera kukula.