Kabati ya a Pulofesa Byeon

Mphekesera inali yakuti m'kabati yawo yokhoma ija, malemu a Pulofesa Byeon ankasungamo mayina a ophunzira amene anayerekeza kuwafunsa funso, kuti adzawalepheretse mayeso. Ine Pyo, amene ndasesa holo yawo zaka makumi awiri, ndinkakhulupirirako. Nkhope ija sinali yosewera nayo.

Bambowa ankakalipa ngati wina wawabera.

"Pali funso?"

Zii. Mitu yonse pansi, zala pamakompyuta ngati nkhuku zikutola mpunga. Akatsokomola, ena ankalemba ndi chifuwa chomwe.

Tsiku lina anati, "Lembani! Ku Busan kulibe nyanja." Ine tsache linandipulumuka, poti Busan ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Seo-rin, mtsikana wa mpando wakutsogolo, mwana wa msodzi, analemba n'kudula mzere kunsi.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Busan, Aphunzitsi."

"Nyanja iliko?"

"Mwati kulibe, Aphunzitsi."

Choko chinauluka mpaka kukhoma.

Ndinamutsekereza pakhonde. "Mwanawe, bambo ako nsomba amachita kukumba ngati mbatata?"

"Agogo, wamkulu satsutsidwa pagulu. Mukufuna ndilephere, ndidzasese ngati inuyo?"

Pakamwa ali napo, anawa! Amangopasungira ife.

Tsiku lawo lomaliza asanapume pantchito, dzanja linakwera kumbuyo. Loyamba kuliona ine chiyambire ntchito! A Pulofesa anamanga batani la jekete, n'kutulutsa kiyi wa kabati. Ndinati basi, uyu walembedwa.

"Nena, mwana wanga."

"Aphunzitsi, kodi zimenezi zibwera pa mayeso?"

Kiyi anabwerera m'thumba.

Masana a Pulofesa anandipeza pamasitepe ndikudya kimbapu wanga, mpunga wokulunga m'ndere za m'nyanja, n'kutolapo awiri osapempha.

"Pyo, moyo wanga wonse ndaphunzitsa makina okopera."

"Mukanasiya kuwagenda ndi choko, bwenzi atayankhula."

"Kasese uko, mbuli iwe!"

Anamwalira chisanu chotsatira. Ophunzira aja anabwera pamaliro, anawerama bwinobwino pamaso pa chithunzi, osanena kanthu. Ndinafuna kuwakwapula ndi tsache.

M'holo muja mudakali zii. Mphunzitsi watsopano amawerenga zake, iwo amalemba zawo, aliyense wakhutira. Pansi sinditolanso zidutswa za choko, ndipo ntchito ndimaimaliza msanga mondinyansa.

Sabata yatha anandituma kukachotsa za m'kabati ija. Munali cholembera chimodzi chokulungidwa bwino, ndi kapepala kofiirira ndi ukalamba: "Cha wophunzira woyamba kunditsutsa."

Dzina la munthu munalibe ngakhale limodzi.