Kachilombo Kanachoka, Mbale Sinabwerere

Lolemba
Adokotala atsimikiza: kachilombo ka matenda a chiwindi kaja, hepataitisi C, mulibenso m'magazi mwanga. Thupi lakathamangitsa lokha! Sindingapatsire munthu. Akutinso ngakhale kakanakhalapo, kamayenda ndi magazi, osati ndi mbale. Koma kuno kuchikamwini ndikudyabe ndekha kuseri kwa khitchini, ngati galu woba mazira.
Pulani: Lamulungu kuli sadaka ya malemu agogo a Mariamu, mkazi wanga. Ndidye mbale imodzi ndi amuna anzanga. Basi, sindikupempha zambiri.

Lachiwiri
Mkamwini sangakangane ndi apongozi maso ndi maso, ndiye ndikutuma Mariamu. Yankho likubwera msanga: "Ngati achira, ayamike Mulungu. Koma mbale yawo ikhalebe payokha." Iii!

Lachitatu
Nzeru yatsopano: a Saidi, amjomba ake a Mariamu, alongo awo a apongozi, eni mbumba. Iwowo akati inde, palibe wotsutsa. Ndikuwagulira chambo chokazinga pamsika. Akudya nane mbale imodzi, mpaka kuyamwa mutu! Akuti: "Akamwini, ine bwato linandigubuduzapo pa mwera. Ndingaope kachilombo?" Ndatsala pang'ono kulira. Lero ndine munthu.

Lachinayi
Chitsiru ine, chitsiru! Azaumoyo akhoma tenti pafupi ndi msika, akuyeza magazi ulere. Ndikuwakoka amjomba kuti akaone okha, akhale mboni. Kundibaya chala, kudontheza magazi pa kachipangizo, kudikira.
Mizere iwiri!
Anamwino akufotokoza modekha kuti kachipangizoka kamangoona asilikali a m'thupi amene analimbana ndi kachilombo, ndipo asilikaliwo amatsala moyo wonse. Kachilombo kenikeniko amakafufuza ku labu, komwe anandipeza ndilibe. Ndikucheuka kuti amjomba amve. Amjomba ali kale pa kabaza, mzuli uli m'manja.

Lachisanu
Nkhani yafika kumzikiti mapemphero a Juma asanayambe. Zomwe andipatulira lero:
kapu,
beseni losambira m'manja,
mkeka,
ngakhale tochi. Tochi!
Amjomba akhala akuchukucha mkamwa ndi mchere ndi mandimu kuyambira dzulo. Ndikuwafotokozera za asilikali, nditaima patali. Akuti: "Ngati nkhondo inatha, asilikaliwo akudikira chiyani?" Ndatopa, abale.

Loweruka
Ndikuthamangira kuchipatala kuti adokotala abwere adzalankhule okha. Apita ku msonkhano ku Monkey Bay. Ndikuwaimbira, ndikupereka foni kwa apongozi kudzera mwa Mariamu. Apongozi akukana kuigwira, ati foni ndi yanga.
Mariamu akundisisita paphewa: "Ine ndikukukhulupirirani, bambo. Koma mayi ndi mayi." Chiwindi chili bwino, chikupweteka ndi mtima.

Lamulungu
Sadaka. Mpunga, nyama ya mbuzi, amuna azungulira mbale zikuluzikulu, akuseka, manja akuwombana pa fupa limodzi. Ine pansi pa mtengo wa mango, uko kumpanda. Ndagonja. Kachilombo kanatuluka m'magazi mwanga n'kukalowa m'mitu ya anthu, ndipo kumeneko kulibe labu.
Kenaka wina akubwera ndi mbale yakeyake, nkhope ili gwaa. Amjomba! Apongozi amva za chambo chija, awapatula nawonso, eni mbumba athunthu. Akukhala pansi pa mtengo womwewu, atandifulatira.
Ndikuwasunthira mchere. Akusunthira mbale yawo kutali.