Duwa Limene Linagwetsa Mvula M'nyumba

Amene akuti ndine wabodza adzuke pompano, akagwire khoma la nyumba yangayo, aone ngati dzanja silibwerako lonyowa. Palibe wadzuka? Ndiye khalani chete, mumve.

Pamene tinkabwera kuno ku Chamama kudzalima fodya pa utenanti, akazi anga ananyamuka kwawo ku Mulanje atafukata chitini, m'chitinimo muli duwa lija lomera m'mithunzi ya kuphiri, losachita maluwa, masamba okhaokha onga nthenga za tambala. Lokongola, abale, lobiriwira mochititsa manyazi fodya wa bwana. Atangoliika pawindo anati, "Bambo, tsiku limene duwa ili lidzaume, ine ndidzakwera basi." Ndinaopa, sindibisa, chifukwa dzuwa la Kasungu limawotcha ndi mthunzi womwe.

Okutobala atafika, masamba anayamba kupiringizika, akazi anga nawonso n'kuyamba kupukuta sutikesi. Ndinalichotsa pawindo, ndinalizinga ndi ziguduli zonyowa, ndinaliwaza madzi ndi pakamwa mpaka masaya kutupa, koma madzi a pamjigo linawakana, ati ngamchere. Basi ndinakwera njinga, ndinapalasa mpaka ku Mulanje tcheni chikulilima moto, ndinakwera phiri njinga ili paphewa, ndinapeza chiperoni, nkhungu yozizira ija, chitagona m'phanga, ndinachigwira pakhosi, kuchipinda, kuchitsendereza ndi jeke monga timachitira ndi belo la fodya, kusoka, kumanga pakaliyala, ndipo pofika pakhomo tiyi amene ndinamusiya patebulo anali akadafuka nthunzi. Mukumva?

Nditangodula ulusi wa belo lija, nyumba yonse inachita mdima, mitambo inaunjikana pansi pa denga, bingu linagunda kuseri kwa kabati, mvula n'kuyamba kugwa pabalaza pomwe panja nkhuku zili wefuwefu, achule akuimba pansi pa bedi, ine ndikudya chakudya nditafunda ambulera. Duwa linadzuka ndikuona ndi maso angawa! Tsamba limodzi linatulukira pakhomo, linawoloka msewu, mpaka amayi ogulitsa tomato anakhazika msika pamthunzi wake. Nyengo yosankha fodya itakwana, anzanga onse amene fodya ankawathetheka m'manja ankabwera naye kudzamufewetsa pawindo langa, ndipo Che Jafali a pagolosale anachita kundipempha kuti ndizitseka chitseko, shuga wawo akusungunuka.

Inu mukusekanu, mukufuna umboni? Amene akutsokomola kukhitchiniyo ndani, si akazi anga omwe aja? Basi ija mpaka lero sanakwere, ndipo sutikesi timasungiramo mbewu.

Chimodzi chokha, senderani kuno, asamve. Tsiku lina m'mamawa ndinawaona akunyang'ama ndi kapu ya madzi a mvula amene amasunga m'chigubu, akuthirira duwalo, kwinaku akucheuka ngati wakuba. Ndinamva kuti amatero tsiku lililonse chifikireni kuno. Ine ndinatseka maso, n'kuyamba kuliza mkonono. Musawauze kuti ndikudziwa.