Kasinja Wolondera Chimera

Lolemba, 7 Ogasiti

Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Tadala, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo. Ntchito zagawidwa m'mawa uno pakhonde. Alamu a Zuze, alongo awo a mayi a Tadala, ndiwo ankhoswe: adzalankhula, adzalandira tambala kwa akuchimuna, iwo adzapereka msoti. Azakhali, zophika. Amayi a kumpingo, mipando ndi tenti. Ine bambo wake womubereka, ati ndilondere chimera.

Chimera cha mawere, ndowa ziwiri, chayanikidwa pamphasa kuseri kwa nyumba. Chiume pofika Lachinayi, chipite kuchigayo, Lachisanu aphike thobwa. Mayi a Tadala andipatsa mpando ndi ndodo. Ati, "Nkhuku zikadya chimerachi, alendo a ku Blantyre mudzawamwetsa madzi nokha, ndi manja anuwo."

Ndodo. Ine. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikumasula magiya a mathiraki pamalire, madalaivala kuyambira ku Tete mpaka ku Joni amandidziwa, lero ndikhale kuseri n'kumati shii, shii. Zandiwawa, sindinama. Pa chinkhoswe cha mwana wako ulibe mawu, ulibe mpando wa kutsogolo, uli ndi nkhuku. Chabwino. Ntchito sindikana, koma ndiigwira mwaumisiri, ndipo mawu akuti shii satuluka pakamwa panga.

Pamwamba pa kabati pali kasinja. Chidole, inde. Anabwera naye alamu a Zuze kuchokera ku Joni chaka chatha, ati ndiziseweretsa poti ndinapuma ntchito. Kutalika ngati mkono, wobiriwira, woyendera malamba, mutu wozungulira, ndi rimoti yake. Ndamutsitsa, ndamupukuta, ndamuika mabatire.

Adani:
- nkhuku zisanu ndi ziwiri za a Nangozo, oyandikana nawo
- tambala wawo wofiira, wamwano
- msoti wathu woyera, womwewo wodzaperekedwa Loweruka. Uyu ndi mdani wa m'nyumba.

Nkhondo yoyamba: kasinja watulukira kuseri kwa mtondo, nkhuku balalabalala, tambala wadumpha mpanda. Ine pampando, mwendo pamwamba pa unzake, ndodo ili pansi.

Vuto limodzi lokha: akuyenda ngati birimankhwe. Mawa tikonza.

Lachiwiri, 8 Ogasiti

Nkhuku zamuphunzira. Zaona kuti kasinja akanyamuka pamtondo zili ndi mpata wojompha kakhumi asanafike. Iye akafika mbali ino, izo zili mbali iyo. Tambala sakudumphanso mpanda, akungosuntha pang'ono ngati munthu wopatsa njira njinga.

Msoti ndiye wanyanya. Sindingaugunde, uyenera kufika Loweruka ndi nthenga zonse. Kuuvundikira ndi dengu mayi a Tadala aletsa, ati ungaonde tikachite manyazi. Ndiye ukudya pakati penipeni pa mphasa, ukundiyang'ana.

Ndatsegula kasinja. Muli timota tiwiri, kena koyendetsa lamba wa kumanzere, kena wa kumanja. Tating'ono ngati chala. Opanga anaumira.

Zimene ndaika:
- mota ya dirilo yakale, mbali ya kumanzere (ndili nayo imodzi yokha)
- batire la njinga yamoto, ndalimanga pamsana ndi mphira
- eriyo ya wailesi, kuti rimoti izifika patali. Imagwa, ndiye ndaichirikiza ndi ndodo ija. Ndaidula pawiri.

Kuwotcherera mawaya kwatenga maola awiri, m'nyumba, poti magetsi ali m'nyumba. Pamphasa panalibe munthu. Limenelo si vuto langa, munthu sangakhale pawiri.

Kuyesa: ndakankha rimoti kutsogolo. Mbali ina yamphamvu, ina yofooka, ndiye kasinja wangozungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna kuluma mchira wake. Pakati pa mphasa. Chimera mbwee mpaka patsinde pa mtengo wa manachesi. Ndatola chotoleka, ndasalaza ndi dzanja. Chikuoneka bwino ndithu, kungoti mphasa ikuonekera mwina ndi mwina.

A Nangozo pampanda: "Bambo a Tadala, bwanji osangotenga ndodo?" Ndapitiriza kusalaza chimera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachitatu, 9 Ogasiti

Mayi a Tadala akwera minibasi ya m'mawa kupita ku Limbe kukagula nsalu za chinkhoswe. Abwera mawa. Potsazika afunsa kuti chimera chili bwanji. Ndati chikuuma. Si bodza.

Mota yachiwiri ndaipeza, ndamasula kapampu kopopera matayala. Tsopano mbali zonse zalingana. Kuyesa: liwiro lake abale! Wanyamuka ngati waona ngozi, wakagunda mtondo, malamba onse awiri phuthu. Walira mvula walira matope.

Malamba atsopano: chubu cha njinga, ndachidula m'litali, ndamata timphira topingasa kuti azigwira dothi. Guluu sanaumitsitse, koma nkhondo sidikira guluu.

Masana, chipambano. Kasinja wadutsa pamphasa, wapirikitsa tambala kutuluka pachipata, kudutsa pakhomo pa a Nangozo, mpaka kumjigo. Eriyo ikugwira bwino zedi. Maulendo asanu, ine nditaimirira pampando kuti ndizimuona. Amayi a pamjigo asiya kupopa madzi. Wina ndamumva, "Abambo aja mutu ukuyenda bwino?" Ukuyenda bwino kwambiri, mayi. Kuposa mjigo wanuwo, umene ndinaukonza ndine.

Nthawi yonseyi msoti uli pamphasa.

Dzuwa litapendeka ndaanula chimera. Ndowa ziwiri zija zakwana mu imodzi, osadzaza. Chimera chikauma chimafota, aliyense amadziwa zimenezo.

Lachinayi, 10 Ogasiti

Ndatuluka ndi ndowa m'mawa, ndapeza msonkhano.

Obwera:
- za a Nangozo zonse
- zakuda zinayi, sindikuzidziwa
- thadzi ndi anapiye ake
- abakha awiri
- nkhanga imodzi, kaya ya ndani

Zonse zili pamzere kuchokera kumjigo mpaka pachipata changa, mitu pansi. Ndautsata mzerewo. Mawere. Dzulo kasinja akamadutsa pamphasa chimera chimamatirira ku guluu wosauma uja, kenako n'kumayoyoka njira yonse. Maulendo asanu. Ndalambulira nkhuku za dera lonse msewu wofika pamphasa, ndi manja angawa.

Choipitsitsa, sizikumuopanso. Kasinja akayenda zikumulondola, zikujompha malamba. Zamutenga ngati wogawa chakudya. Ndikamukhotetsa kumanja, gulu kumanja. Tambala wakwera pabatire, waliranso ali pomwepo.

Ndaganiza msanga, poti mmisiri sakhala chete. Ngati zikumulondola, ndizitsogolere kutali. Ndayanika chimera, ndanyamuka: kasinja patsogolo, nkhuku pakati, ine pambuyo ndi rimoti, mpaka kumsewu wa mathiraki. Dalaivala wina waimba hutala. Nzeru yabwino kwambiri. Kungoti zatsatira ndi theka. Theka linalo latsala ndi msoti.

Pobwerera, fungo la pulasitiki. Kautsi pansi pa mutu. Timagiya ta pulasitiki sitinapangidwire mota ya dirilo, tasungunuka. Ndamunyamula m'manja, nkhuku m'mbuyo mwanga ngati tikuchokera kumanda.

Mayi a Tadala atsika minibasi cha m'ma 3 koloko. Ayang'ana mphasa. Ayang'ana ine. Alowa m'nyumba, atuluka ndi kambale ka ndiwo, akokolola chimera chonse, chakwana. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Ndodo ija ili kuti?" Ndaloza eriyo.

Ndikulemba pano kuti zidziwike: nzeru inali yolondola. Wolakwa ndi guluu.

Lachisanu, 11 Ogasiti

Mayi a Tadala ndi azakhali ayenda khomo ndi khomo kupempha chimera chogaya kale. Apeza mbale ziwiri, imodzi kwa a Nangozo omwewo, eni nkhuku. Ati apereka mosangalala, poti sabata ino sanataye gaga ndi pang'ono pomwe. Thobwa la mgolo lasanduka la mphika umodzi.

Tadala wafika kuchokera ku Blantyre kumene amagwira ntchito. Nkhani waimva asanatsike, kondakitala wamuuza. Wangondigwira paphewa n'kulowa m'nyumba. Zimenezi zandipweteka kuposa mawu onse a sabata ino.

Alamu a Zuze asiya thiraki pamalire, abwera, aona kasinja. Aseka mpaka kukhala pansi. "Alamu, ine ndinati muziseweretsa, sindinati mumulembe usilikali." Andifunsa zonse, ndawauza zonse, poti ndimayesa akufunsa ngati munthu wodziwa makina. Ndawafotokozera kuti vuto latsala ndi magiya okha, ndipo m'wotchi ya pakhoma muli magiya amkuwa olingana ndithu. Mayi a Tadala amva ali kukhitchini. Wotchi aitsekera kuchipinda, kiyi amumanga pansonga ya chitenje.

Andikumbutsa mawu awo a Lolemba, a madzi aja. Ine ndimayesa anali mawu chabe. Andionetsa ndowa yotsuka bwino ndi makapu khumi ndi awiri.

Chabwino. Ndimwetsa. Madzi sanaphepo mlendo, ndipo a pamjigo pathu ndi ozizira kuposa a ku Blantyre.

Loweruka, 12 Ogasiti

Tenti yadzaza. Akuchimuna abwera minibasi ziwiri. Thobwa lathera mzere woyamba wa mipando ndi theka la wachiwiri. Kuyambira pamenepo ndi ine.

Suti yanga yotuwa, tayi, ndowa kumanzere, kapu kumanja. Mzere ndi mzere. Ndikuyenda mutu uli m'mwamba, sindinabe kanthu. Mayi wina wa ku Blantyre ati, "Achimwene, kodi eni khomo lino ndi ati?" Ndati ndine. Wamwa madzi ake osayang'ana kumbali.

Mwambo wayamba. Atsikana ofundidwa zitenje atuluka mmodzimmodzi, mnyamata wa Tadala wakana awiri, wachitatu wati ndi yemweyu. Nthungululu. Kenako nkhuku. Akuchimuna apereka tambala kwa alamu a Zuze. Alamu apereka msoti. Nkhoswe wa kuchimuna waulandira ndi dzanja limodzi, wawonjezera lachiwiri. Waukweza, wautsitsa, waukwezanso. Ati pa maikolofoni, "Abale, msoti wolemera chonchi sindinaugwirepo. Pakhomo pano amadziwa kusamala."

Mayi a Tadala, ali pamphasa ya amayi, osakweza mawu koma tenti yonse yamva: "Thobwa lanu lili m'menemo, asewere."

A Nangozo ndiwo ayamba kuseka. Kenako mbali yathu yonse. Alendo akuyang'anana, ndiye alamu a Zuze atenga maikolofoni kuti awafotokozere. Afotokoza zonse. Mota ya dirilo, guluu, nkhanga. Azungulira pamalo amodzi kusonyeza za Lachiwiri. Nkhoswe wa kuchimuna akupukuta misozi, msoti uli m'khwapa. Ine ndili chiimire pakati pa mizere, ndowa m'manja.

Tadala wandikodola. Ndapita. Wapempha kapu, wamwa yonse pamaso pa anthu, wapemphanso ina wapatsa mnyamata wake. Ati kwa iye, mokweza, "Awa ndi bambo anga. Njinga yanga yoyamba anandipangira okha." Mnyamata waimirira, wamwa ali chilili.

Ndowa yayamba kulemera, ndakaitula kuseri kwa nyumba. Kuseriko ndalira pang'ono, sindibisa.

Pa chinkhoswe chonsechi palibe mlendo amene sanamuone bambo wa mkwatibwi. Zimenezo alamu a Zuze ndi maikolofoni yawo sangandilande.

Lamulungu, 13 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite, phewa la kumanzere lakana. Mayi a Tadala ayanika mphale pamphasa yomwe ija, andipatsa ndodo yatsopano. Ndailandira ndi manja awiri. Ukwati uli mu Disembala. Chimera chake ati akayanika kwa azakhali.

Kasinja ndamuika pachipata, wopanda malamba, wopanda batire. Nkhuku za a Nangozo zamuzungulira, abakha omwe, zakhala pansi zikudikira kuti ayende azigawire. Chiyambire m'mawa palibe ndi imodzi yomwe yafika pamphasa. Atabwera kutchalitchi ndawaitana mayi a Tadala kuti aone kuti tsopano akugwira ntchito. Ayang'ana nthawi yaitali. Ati, "Ndodoyo musaidule."

Amene sakumudziwa kasinja ndi tambala watsopano, wa akuchimuna uja. Amumasula masana ano. Wadutsa pachipata osacheuka, wabwera molunjika pamphasa.

Ndayang'ana kumpanda, a Nangozo kulibe. Ndayang'ana kukhitchini, chitseko chotseka.

Ndati shii.