Chitseko Chimene Chinatsekera Mwini Wake

Mukafika ku Kalingalinga n'kufunsa za mmisiri amene anadzitsekera m'nyumba ndi manja ake omwe, simudutsa mayadi awiri asanakulozereni kwanga. Nkhaniyi yakambidwa ndi anthu ambiri, ena akumathira mchere wosayenera (wina akuti ndinalira, limenelo ndi bodza), ndiye ndaona kuti bola ndiinene ndekha. Mwana wanga Thoko, amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale ku Mtendere, wafika poiphunzitsa m'kalasi. Akuti kuli mutu wina wotchedwa ayironi, pamene zinthu zimatembenuka n'kukhala zosiyana ndi zimene zanenedwa kapena zimene zimayembekezeka, ndipo akuti ine ndinaphunzitsa mitundu yake yonse tsiku limodzi popanda choko.

Ine ndine wowotcherera zitsulo. Mageti ambiri a ku Kabulonga anadutsa m'manja mwangamu. Bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu kudzafuna ntchito kuno, anandisiyira zinthu ziwiri: luso ndi liuma. Mkazi wanga, amake Thoko, amati chachiwiricho ndinatengera chonse osasiyirako abale anga.

Zinayamba ndi chingwe. Chingwe changa chatsopano cha makina owotcherera chinasowa, ndipo sindinavutike n'kufufuza. Kuseri kwathu kumakhala a Zuze, bambo wogulitsa makala, amene paunyamata wawo anali ndi dzanja lalitali mpaka anakalowako kundende. Papita zaka zambiri chisiyireni, ndipo pano ndi amene amalandira anthu pakhomo la tchalitchi chawo. Koma ine ndinaima pampopi, pamzere wa anthu otunga madzi, n'kunena mokweza kuti fisi sasintha mawanga. A Zuze anali pomwepo ndi zigubu zawo. Anangoti, “Mulungu aona, ba neba,” n'kunyamula madzi awo.

Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti nyumba yanga ikhala yoti ngakhale khoswe azipempha chilolezo. Khomo lakumbuyo ndinalitseka ndi mabuloko. M'mawindo ndinaika zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu. Chinatsala chinali chitseko chakutsogolo, ndipo ndinachipanga milungu itatu, cholemera choti anthu anayi anachita kubuula pochinyamula.

Nanga ndinachimangirira liti? Loweruka limene akuchimuna ankabwera ndi mbale kudzafunsira Thoko. Ndinkafuna apongozi aone kuti akukwatira pakhomo pa mmisiri. Muyenera kudziwa kuti anthuwa tinali titawabweza kale kawiri, koyamba chifukwa cha maliro, kachiwiri chifukwa ndinali pantchito ku Chongwe. Nkhoswe yawo, bambo wachikulire wa ku Matero, inali itatumiza mawu aulemu koma akuthwa: akadzabwereranso kachitatu adzadziwa kuti banja lathu silikumufuna mnyamata wawo. Ndipo mbale salandirira pabwalo. Alendo amalowa m'nyumba, nkhoswe imaika mbale pansi, mwana wamkazi amaitanidwa kuti aivundukule ngati anthuwo akuwadziwa. Kuwapezetsa chitseko chotseka ndi kuwakana popanda kutsegula pakamwa. Anati afika 14 koloko.

Tsono chitseko chachitsulo timachimangirira motere. Felemu ikakhazikika m'khoma, timayamba tamata chitsekocho ku felemuyo ndi timadontho ta moto kuti chisapendekeke. Kenaka timawotcherera mahinjesi, pomaliza timadula timadontho tija ndi gilayinda, makina amagetsi odulira zitsulo, chitseko n'kutseguka. Ine mahinjesi ndinawafuna mkati kuti wakuba asawafikire, choncho ndinalowa m'nyumba ndi makina anga, anthu anandiimikira chitseko, ndinayamba ntchito. Magetsi tinkadziwa kuti tsiku limenelo azima 16 koloko. Nthawi inalipo yambirimbiri.

Ndili ndi lamulo limodzi, ndipo aliyense amalidziwa: chigoba chowotcherera chikakhala kumaso, wina asandilankhule. Ndili pakati pa ntchito, amake Thoko anachoka pamene ankaphika ndi azimayi anzawo n'kubwera pawindo.

“Batate bake Thoko, nifuna nikuuzeni chabe kuti…”

“Osanikambisa nikali kusebenza!”

Anabweranso kachiwiri, ndinawabweza. Kachitatu anatuma mlongo wanga, nayenso ndinamubweza. Nditakweza chigoba kuti ndipukute thukuta, ndinaona anthu atadzaza pabwalo, ena atakhala pa zigubu, onse maso ali pa ine. Mtima unakoma. Ndinati anthuwa abwera kudzaona ntchito ya mmisiri, ndipo pofuna kuwasangalatsa, m'malo mwa timadontho tinayi ndinamata mizere yaitaliitali mbali zonse. Ndinafuula pawindo kuti, “Ichi chitseko olo mwine wake sangachigwese!” Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine n'kumaseka nawo. Sindinkadziwa kuti uthenga unali utafika pa mafoni a komboni yonse woti magetsi azima 10 koloko. (Thoko akuti umenewu ndi mtundu wa ayironi umene oonerera amadziwa zimene mwini sewero sakudziwa. Ine ndimati ndi nkhanza basi.)

Nditamaliza mahinjesi ndinatenga gilayinda, ndinaiyatsa, inalira kamodzi n'kukhala chete. Firiji nayo inakhala chete.

Amake Thoko anabwera pawindo pang'onopang'ono, akupukuta manja pachitenje. “Mwasebenza bwino maningi, ba injiniya,” anatero mokoma. “Zoona kawalala sazangena. Olo apongozi.” (Uwu akuti ndi mtundu wa pakamwa, woyamikira munthu uku ukumubaya. Ndakhala nawo m'nyumba zaka makumi atatu osadziwa kuti uli ndi dzina.)

Sindinataye mtima, ine si munthu wotaya mtima. Ndinaitanitsa nyundo ndi tchizulo, anandipatsira pawindo. Ndinamenya ola lathunthu. Ndikuuzeni monyadira ndiponso mwachisoni kuti ndikawotcherera chinthu ndawotcherera. Tchizulo inabuntha, chitseko osatekeseka. Ndinaitanitsa sowo yodulira zitsulo kuti ndidule za pawindo, ndipo mano ake anatha ngati a nkhalamba chitsulo chisanafike n'pakati pomwe. Wometa tsitsi wa pamsewu anabweretsa kajenereta kake. Titalumikiza gilayinda, kanatsokomola kawiri n'kufa, mwini wake n'kuyamba kundiyang'ana ngati ndamuphera mbuzi. Apa n'kuti 12 koloko itadutsa, mipando ya alendo ili mkati ndi ine, diresi la Thoko lili mkati ndi ine, ndipo tiyi amene ndinamwa m'mawa atayamba kundikumbutsa kuti chimbudzi chathu chili panja.

Thoko anabwera pawindo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anagwira zitsulo zanga zija n'kunena motsitsa, “Adadi, bakabwerera lelo sibazabwela futi. Mwaziba ka?” Maso ake anali atadzaza misozi. Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, kuti mwana wanga ataya banja chifukwa cha matama a bambo wake.

“Tiitane ba Zuze,” anatero amake.

“Nakana! Uyo muntu sazagwila nyumba yanga.”

Ndinathamangira kuchipinda kukafuna chitsulo china chilichonse chokanulira. Ndinakoka sutikesi yakale pamwamba pa wadirobu, ndipo china chake cholemera chinandigwera paphewa n'kudzikulunga pakhosi. Chinali chingwe chija. Chatsopano, chokulungidwa bwinobwino mmene ndimakulungira ine. Pamenepo ndinakumbuka tsiku limene ndinachibisa kumeneko ndekha, poopa akuba.

Ndinakhala pabedi kanthawi, chingwe chili pamiyendo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka kuchipinda. Maganizo oyamba (ndikuulula) anali oti ndichibwezere pomwe chinali, ndipo palibe akanadziwa. Koma wotchi inali kunena 13 koloko. Ndinapita pawindo chingwe chili m'manja n'kuuza mkazi wanga kuti awaitane.

A Zuze anabwera osafulumira, manja akuda ndi makala, atanyamula mgwala, chitsulo chachitali chokanulira. Anayang'ana ine, anayang'ana chingwe, anayang'ananso ine.

“Chapezeka, ba neba?”

“Chapezeka. Nenze nachisunga neka.” Mawu ankatuluka ngati ndikutafuna mchenga. “Ninakulakwilani, ba Zuze. Munikhululukile.”

“Pa pompi munakamba mokweza,” anatero. “Manje apa sinimvela bwino.”

Ndinabwereza mokweza, nkhope ili pakati pa zitsulo ngati mkaidi, mpaka azimayi ophika anasiya mithiko. A Zuze anagwedeza mutu. Chitseko changa cha milungu itatu sanachikhudze n'komwe. Anangogogoda khoma m'mbali mwa felemu ndi chala, akumvetsera.

“Vinsimbi vanu ni volimba, sininganame,” anatero. “Koma ise kale sitenze kumenyana na chitseko. Tenze kufunsa chipupa. Aya mabuloko ni mchenga chabe.”

Analowetsa mgwala pakati pa felemu ndi khoma, anakanula pamwamba, anakanula pansi, anapita mbali inayo. Simenti imene ndinaika dzana lake inkangoyoyoka. Sipanathe mphindi khumi. Anauza anthu kuti apatuke, ndipo chitseko chonse pamodzi ndi felemu yake, chidakali chomatidwa bwinobwino, chinagwera pabwalo ndi phokoso limene akuti linamveka mpaka kumsika. (Mtundu wachitatu ndi umenewu, akutero Thoko: wopanga zitseko kutsekeredwa ndi chitseko chake, n'kutulutsidwa ndi munthu amene chitsekocho anachipangira. Akuti ana onse a m'kalasi mwake amakhoza funso limeneli.)

Fumbi lisanathe n'komwe, ndinaona anthu asanu ovala bwino ataima pageti, wakutsogolo atanyamula mbale zokutidwa ndi nsalu yoyera. Anafika nthawi isanakwane. Ine ndinali chiimire pa chibowo pamene panali khomo, ovolosi yong'ambika, chigoba pamutu, simenti mpaka m'nsidze. Nkhoswe ija inayang'ana chitseko chili gada pansi, inayang'ana ine, kenaka inavula chipewa.

“Tayenda manyumba yambili,” inatero, “koma sitinalandiliwepo so. Benangu bamatsegula chabe chitseko. Imwe mwachita kuchosa.”

Mpaka lero sindidziwa ngati bamboyo ankandiyamikira kapena ankandibaya, ndipo Thoko akuti ndisafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti analowa, podutsa pamwamba pa chitseko changa. Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono, ndinathamangira kuseri kumene tiyi uja ankandituma, ndipo nditabwerako mwana wanga anagwada n'kuvundukula mbale, nthungululu zili pabwalo.

Nyumba yotetezeka kuposa zonse mu Kalingalinga inakhala masiku anayi ndi chitenje pakhomo, ndipo sipanasowe ngakhale supuni. A Zuze ndi amene anandithandiza kumanganso khomalo, simenti anasakaniza okha chifukwa akuti yanga saikhulupirira. Paukwati wa Thoko anakhala kutsogolo, pafupi ndi ine.

Amake Thoko amati ndinaphunzira kumvera anthu akamandilankhula. Ndinaphunziradi, pang'ono. Lamulo la chigoba lidakalipo, kungoti tsopano lili ndi kamchira: wina asandilankhule, pokhapokha ngati ndi za magetsi. Chitseko chija chili pamalo pake, chimatseguka bwino, ndipo kiyi wake wachiwiri amasunga a Zuze.