Ndinapita Kukafunsira Mkazi ndi Polishi Kumutu

Anzanga, mukandiona lero mutu uli mbuu ngati ndagona m'chigayo, musaganize kuti imvizi ndinazilandira mwamtendere ayi. Ndinalimbana nazo, ndipo zinandigwetsa pagulu, masanasana, anthu akuona.

Zinali zaka zija titangotuluka m'chilala chimene tinadya chimanga chachikasu. Ine ndinali kulima kufupi ndi ku Mpanshya, mkazi wanga atamwalira kale, ana atakula n'kubalalika, wina ku Lusaka wina ku Kabwe, nyumba ili zii moti ndinayamba kucheza ndi nkhuku. Ndiye pa maulendo anga okagulitsa mbatata ku Chinyunyu ndinadziwana ndi Amake Tiza, mayi wamasiye amene ankagulitsa tomato ndi vitumbuwa m'mbali mwa msewu waukulu. Mayi woseka bwino, nkhope yosalala, moti ndikamuyang'ana ndinkangoti uyu ndamusiya kutali pa zaka, akadziwa msinkhu wanga adzanditcha agogo. Basi ndinayamba kupaka dayi wodetsa tsitsi. Panali dalaivala wina wa lole amene ankandibweretsera timabotolo kuchokera ku Lusaka, imvi zikangoyamba kusuzumira m'mbali mwa makutumu ine n'kuzikwirira msangamsanga.

Zinayenda bwino mpaka tinagwirizana za banja. Anasankha tsiku Loweruka, mwezi wa Okutobala, loti ndikaonekere kwa abale ake. Nkhoswe yanga anali mnzanga Ba Njovu, amene amakhala ku Chinyunyu komweko, ndipo anandichenjeza kuti, "Ba Sakala, kukubwera amalume awo kuchokera ku Shikabeta. Munthu wovuta ameneyo. Akakana iwo, basi nkhani yatha."

Sabata yomweyo dayi ananditheratu, lole nayo akuti yafera ku Chongwe. M'mawa wa Loweruka ndinatenga kachidutswa kanga ka kalilole n'kudziyang'ana, mayo ine! Kumizu konse kwayera, kuda kwangotsala kunsonga. Ndinakhala pansi n'kuganiza ndithu mozama. Mtima wina unkati, iwe Sakala, pita mmene Mulungu anakupangira, udzabisa mpaka liti munthu amene ukufuna kugona naye nyumba imodzi? Mtima wina n'kumati, lero lokhali, zoona udzanena mukalowa m'banja. Kodi inu mukanamvera uti? Ine ndili mkati moweruza mitima iwiriyi, maso anga anagwera pa kachitini ka polishi wa nsapato pawindo.

Ndinatenga bulashi, anzanga. Ndinapolisha mutu wanga ngati nsapato ya wapolisi pa tsiku la pelete, ndipo kunena zoona unawala. Ndinadziyang'ana n'kunena ndekha kuti mnyamata uyu ndi wa kwa yani? Ndinavala shati yoyera, chisote pamwamba, njinga mpaka pamphambano, n'kuisiya pa kantemba, kagolosale ka mnzanga, ndiye n'kukwera minibasi.

Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Tinapanikizana m'menemo ngati matumba a makala, mawindo ena osatseguka. Tisanapite patali mayi wina kumbuyo anayamba kununkhiza.

"Nanga ndani wanyamula palafini muno?"

Kondakitala naye n'kukuwa, "Amene ali na palafini akambe manje, tiike pamwamba! Sitifuna kupsa ise!"

Ine ndinanunkhizanso mwamphamvu kuposa onse, n'kumacheukacheuka, n'kupukusa mutu kudabwa ndi anthu osaganizira anzawo.

Pa Rufunsa panakwera mdala wina wamtali, ndodo m'manja, atavala jekete yoyera yositidwa bwino, mizere ili chilili. Anakhala pafupi ndi ine. Tinapatsana moni mwaulemu. Thukuta linali litayamba kuyenderera m'khosi, ndiye ndinavula chisote kuti ndizidzikupiza nacho, ndikupukuta khosi ndi kampango kanga. Usiku wake sindinagone bwino chifukwa choganiza zokayankha, ndiye kugwedeza kwa galimoto kuja, tulo tinangondiba.

Chinandidzutsa ndi dzenje la mumsewu. Kutsegula maso, mutu wanga uli phee paphewa la mdala uja ngati khanda. Kuudzutsa, ndinamva kakuti nyaa, ngati ukumatula chigamba. Paphewa pa jekete yoyera ija panali chizindikiro chakuda chozungulira ngati pansi pa mphika, ngakhale timizere ta tsitsi tikuoneka.

Mdala anayang'ana phewa lake, n'kuyang'ana ine.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?"

Mukudziwa kupusa kwa munthu? M'mavuto onsewo mtima wanga unayamba wakondwa kaye kuti wanditcha mwana. Kenaka pakamwa panga panangotseguka pokha.

"Ndi girisi wa minibasi iyi, ba mudala. Magalimoto a masiku ano sawasamala."

"Girisi wa kuti?" kondakitala analusa. "Motoka yanga ilibe girisi pa mipando, imwe!"

Pofuna kuonetsa ulemu ndinatulutsa kampango kuti ndiwapukute, osakumbukira kuti n'komwe kaja ndakhala ndikupukutira khosi. Ndinangokoka kamodzi, chikuda chija chinatsika kuchoka paphewa mpaka pathumba.

"Chotsani dzanja!" mdala anakalipa. "Jekete iyi ndinakwatira nayo. Ndimaivala pa nkhani zikuluzikulu zokha!"

Apa munthu wanzeru akanapepesa n'kukhala chete. Koma manyazi akakukwera amasanduka mwano. Ndinati, "Aa, ba mudala, ndi jekete chabe iyi, sopo aliko." Minibasi yonse inati haa! Mdala anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, ngati akundisunga penapake.

Titayandikira pa kasupe wa madzi otentha wa ku Chinyunyu ndinagogoda denga n'kutsika msanga, ndisanafike n'komwe pamalo potsikira. Nzeru inali yoti ndikatsuke zonsezi, ndipite ndi imvi zanga, zikhale mmene zikhalire. Kumunsi kwa kasupe kunali azimayi akuchapa. Ndinapempha kachidutswa ka sopo, n'kugwada, n'kuviika mutu.

Kodi munayamba mwathirapo madzi otentha pa polishi? Sachoka ayi, amasungunuka n'kuyamba ulendo. Anatsikira pamphumi, m'makutu, m'zikope, m'khosi mpaka kolala ya shati yanga yoyera. Ndikapukuta uku, ndikupaka uko. Azimayi aja anasiya kuchapa.

"Atate," anatero mmodzi, "mukusamba kapena mukupenta?"

Wina n'kuti, "Asiyeni, mwina ndi mankhwala. Odwala ambiri amabwera pa madzi ano."

Ndinadziyang'ana m'madzi. Mutu unali mawangamawanga ngati nkhanga, pena poyera, pena pakuda, pena potuwa, nkhope ngati ndachokera ku uvuni wa makala. Ndinakokera chisote mpaka m'makutu n'kunena kuti basi, ndikubwerera ku Mpanshya, ndikafere komweko ndi nkhuku zanga. Koma ndikutulukira pamsewu, uyo Ba Njovu, akundifunafuna chifukwa ndachedwa. Anandiyang'ana, n'kukweza chisote pang'ono, n'kuchibwezera, kenaka anakhala pansi m'fumbi ndi suti yake n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ba Njovu, kawauzeni kuti ndadwala."

"Iyayi," anatero akupukuta misozi. "Anthu aphika, akhala pansi akudikira. Mukathawa lero mwamuchititsa manyazi mayi uja pamaso pa abale ake, ndipo sadzakuyang'ananinso. Tiyeni."

Mawu amenewo anandilasa. Kunyozeka kwanga ndikanakupirira, koma kuti Amake Tiza akhale pamphasa tsiku lonse kudikira munthu wosabwera, ayi. Ndinamutsatira ngati mbuzi yopita kumsika.

Pakhomo anthu anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, azimayi pamphasa, azibambo pa timipando. Ndipo pa mpando wabwino koposa, wotsamira, ndodo ili pakati pa miyendo, jekete yoyera ili ndi mapu paphewa, panali ndani? Anzanga, anali mdala wa m'minibasi uja! Minibasi yonse ija, mapewa onse aja, mutu wanga unakasankha phewa la amalume!

"Vulani chisote," Ba Njovu anandinong'oneza.

"Sindingathe."

"Vulani, muli pamaso pa akuluakulu!"

Ndinavula. Azakhali ena anakokera chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Amake Tiza anayang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

Ba Njovu anayamba mawu ake aulemu aja, koma amalume anakweza dzanja.

"Ba Njovu, musavutike kutidziwanitsa. Ife tadziwana kale, mpaka anandisainira paphewa." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nanga girisi wa minibasi uja wakufikani mpaka kumutu?"

Ndinatsika pa kampando n'kugwada, n'kuwomba m'manja.

"Amalume, ndakulakwirani. Si girisi ayi. Ndi polishi wa nsapato. Ndili ndi imvi mutu wonse, ndimafuna kuzibisa."

"Imvi? Munabadwa liti inu?"

"Nkhondo yaikulu ya azungu ija ikutha, ndinali nditayamba kale kuweta mbuzi."

Ndinaona ndodo ya mdala ikunjenjemera, mapewa akugwedezeka, mpaka anaphulika kuseka, mutu chagada. Atapezako mpweya anati, "Mukudziwa chimene ndavalira jeketeyi? Ndabwera kudzakana. Kwathu ku Shikabeta kunafika mbiri yoti kamnyamata kena ka tsitsi lonyezimira kakuzungulira mwana wa mlongo wanga. Ife tawaona anyamata otere, amalowa pakhomo pa mayi wamasiye, n'kudya mpamba wa malonda, n'kugulitsa munda, n'kuzimiririka. Ndiye ndimati ndidzakathamangitse ndi ndodo iyi. Koma ndapeza mdala mnzanga!"

Anthu onse anamasuka n'kuseka poyera tsopano.

"Munthu wofika podzipaka polishi kumutu chifukwa cha mkazi," anapitiriza amalume, "ameneyo za munda sakuziganiza n'komwe. Nzeru zake n'zochepa, koma mtima ulipo. Khalani pampando, apongozi. Koma jekete iyi muchapa ndinu, popeza munati sopo aliko."

Nkhani zina zonse zinayenda ngati madzi. Ndinadya nkhuku ndi manja akuda, palibe anadandaula.

Dzuwa litapendeka Amake Tiza anandiperekeza kumsewu. Tinayenda, ine maso pansi, mpaka titapitirira nyumba zonse. Pamenepo anaima.

"Ba Sakala, mwandivutitsa nthawi yaitali inu."

"Pepani, Amake Tiza, ndakuchititsani manyazi."

"Sindikunena za lero ayi." Anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula chitambala chake cha kumutu. Anzanga, tsitsi la kutsogolo konseku linali loyera, mbee, lokongola ngati thonje lothyola kumene! "Ine ndimati ndinu mwana kwa ine. Dzuwa liwotche bwanji pamsewu paja, ndikangoona mukubwera ndi mbatata zanu, ndinkamangitsa chitambala mpaka mutu kuwawa. Usiku ndinkadzifunsa kuti mnyamata ameneyu akadzaona izi sadzathawa? Ndinatsala pang'ono kukukanani ndekha."

Tinayang'anana, iye mutu woyera, ine mutu wa nkhanga, n'kuyamba kuseka pakati pa njira ngati ana, mpaka munthu wina wa panjinga anatsika kuti aone ngati tili bwino. Tangoganizani, akuluakulu awiri, miyezi yonseyo aliyense akutuluka thukuta kubisira mnzake chinthu chimodzimodzi!

M'mawa mwake ndinameta mpala ndi lezala, ndipo tsitsi limene linamera pambuyo pake ndi lomwe mukulionali. Tinadalitsa ukwati mvula itatha, mitu yathu iwiri ili mbee kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo anthu ankati tikuoneka ngati takhala m'banja zaka zambirimbiri, ife n'kumangovomera. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pamaso panu: mutu uwu, kupatula madzi, sopo ndi dzanja la Amake Tiza, palibenso china chidzaukhudze. Mukadzandiona ndikuyang'anitsitsa kachitini kalikonse kakuda, musafunse n'komwe, ingondimangani manja.