A Wanena-Ndani ndi Mabuku Awo Onenepa

Pulofesa aja nkhani sankangoimeza. Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankatsitsa magalasi n'kufunsa kuti, "Wanena ndani? Nanga iyeyo waima pati?" Dzina loti a Wanena-Ndani linachokera pamenepo, moti ophunzira ena anachita kumaliza digiri osalidziwa lenilenilo.

Kwa zaka makumi atatu anaphunzitsa mabuku akale a ku Mangalande, aja onenepa ngati njerwa, komanso luso la kakambidwe ka nkhani. Amene anaona zambiri ndi mayi mlembi wa dipatimenti, yemwe ankawatayipira zonse.

Tsiku lina mayiwa anachedwa kuntchito.

"Pepani bwana, basi inafera panjira."

"Mwayambira kumapeto, mayi. Isanafe, inkadwala chiyani?"

Ulendo wina wakuba anawatsomphola Pulofesa chikwama cha mabuku pasiteji, koma chinamulemera mpaka anagwidwa ali wefuwefu. Kupolisi wakubayo anakana kwamtuwagalu, akuti anachita kutola. Pulofesa anamvetsera atatsinzina.

"Achimwene, poyamba mwati munachiona chili pansi. Kenako mwati chinakuthyolani phewa pochikoka. Mwa anthu awiriwa, wachiwiriyu ndamukonda."

Wakubayo anavomera, wapolisi n'kupempha kuti bwanawa azibwerako Lolemba lililonse.

Koma chimene mayi mlembi sadzaiwala ndi mlandu wa mtsikana wina wa chaka chomaliza. Komiti inati wakopera buku la katswiri wina, achotsedwe sukulu. Mtsikanayo anakhala pakona, milomo ili gwa, misozi ili chuchuchu. Pulofesa anaitanitsa bukulo kulaibulale n'kuwapatsa mayi mlembi.

"Tsegulani tsamba 212. Muzilondola ndi chala."

Anaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba kulakatula pamtima. Tsamba loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Ngakhale liwu limodzi silinaphonyeke. Kenako Pulofesa anawerenga mokweza zimene analemba mtsikanayo.

"Mwamva? Mkulu uja ziganizo zake zimayenda ngati ngolo yodzaza mchenga. Za mwanayu zikuthamanga ngati wapirikitsidwa ndi galu. Maganizo akumana, inde, koma mapazi ndi osiyana. Mwanayu sanabe."

Wapampando anatsokomola, n'kutseka fayilo. Lero mtsikana uja ndi dokotala wa maphunziro, akuphunzitsa m'kalasi momwe ankaphunzitsa Pulofesa.

Pulofesa anamwalira mwezi wa mayeso, atadwala sabata imodzi yokha. Kutulutsa mabuku muofesi mwawo kunatenga masiku anayi, ndipo mashelefu anatsala opindika msana mpaka pano. Mayi mlembi anapukuta fumbi okha, osalola wina kuwathandiza.

Masiku ano misonkhano ya dipatimenti imatha nthawi yake, aliyense atagwirizana ndi mnzake. Anthu amatuluka n'kuima m'khonde, mafayilo kukhwapa, kumangoyang'anizana ngati alendo amene wowaperekeza wabwerera panjira. Mayi mlembi amawadutsa mwakachetechete, n'kukadzitsekera muofesi mwawo.